Ndewu Yanga ndi Nyimbo ya Chijapani

Lolemba

Ndapsa mtima. Ndikulemba ndili chiimire, chifukwa ndikakhala pansi ndithyola bedi la kampani.

Tadala, mlongo wanga yekhayo, akukwatiwa Loweruka lino. Lero m'mawa, ine ndili m'basi ya kampani kuchokera ku International City, wanditumizira uthenga wa mawu: "Achimwene, pa madyerero padzakhala nyimbo ija ya Chijapani. Yanu ija tidzaona ngati nthawi idzalole."

Tidzaona! Ngati nthawi idzalole! Kuuza ine!

Nyimbo ya Chijapaniyo ndikuidziwa kuposa nambala ya yunifomu yanga. Ndine mlonda pa hotelo ina kuno ku Dubai, ku Festival City, m'mphepete mwa mtsinje wa Creek, ndipo Ajapani amakonda kudzachitira maukwati awo pano, ati zithunzi zimatuluka bwino. Ukwati uliwonse nyimbo ndi yomweyo. Imayamba ndi piyano, tii, tii, tii, ngati madzi akudontha padenga lobooka. Kenako bambo wina amalowa ndi mawu a munthu wachimfine amene angomubera njinga. Ng'oma mulibe. Poti munthu n'kupondapo phazi palibe. Ine ndimaimva ndili kunja kwa chitseko, poti mlonda salowa mu holo, ndiye zimene amachita mkatimo sindizidziwa. Ndimangoona akutuluka maso ali psuu ngati achokera kumanda.

Jun, Mfilipino amene amayendetsa zokuzira mawu pa hotelo pathu, akuti kwawo kwa Ajapaniwo nyimboyi ndi mgodi. Akuti idayamba ngati yotsatsira malonda pa TV, anthu n'kuikonda, lero mwini wake amadya ali gone. Wina akakwatira, iye walandira. Oledzera akaiimba pa karaoke, walandira. Ilipo ya piyano yokha, ilipo ya vayolini, ilipo ya m'zidole za ana. Munthu wamanga nyumba ndi misozi ya anzake!

Nanga ine? Ndinali mphunzitsi wa kwaya ku Kasungu anthu asanayambe kuimbitsa makompyuta. Nyimbo ya Tadala ndinayamba kuipeka kalekale, chaka chimene amayi anatisiya. Abambo anali atatsogola kale. Iye anali kamwana ka mamina, ine n'kusanduka mayi ndi bambo womwe. Ndinkamuluka tsitsi mizere yokhotakhota, anzake n'kumamuseka. Ndinkamunyamula pa kaliyala kupita naye kusukulu. Mutu wa nyimbo ndi "Usacheuke Tadala", kutanthauza kuti pita ku banja lako, za ife usade nazo nkhawa. Mavesi sindinaumire, alipo ndithu. Ndaisunga zaka zonsezi kudikira tsiku limodzi lokha. Lero ikaime panja kudikira nthawi, ya mlendo ilowere khomo lakutsogolo?

Komanso ngati wachimfine anatha, ine ndilephera bwanji? Anthu adzajambula pa mafoni, idzafika ku Malawi, maukwati onse adzaifuna. Khomo lake ndi Loweruka.

Pulani:
- Kusonkhanitsa kwaya ya Amalawi a kutchalitchi kwathu ku Jebel Ali.
- Kujambula nyimbo yanga, imveke ngati ya pa wailesi.
- Kugwetsa ya Chijapani mu komiti ya ukwati.
- Loweruka anthu alire kulira komveka, kwa m'Chichewa.

Pagule fumbi ndiwe mwini. Ayamba okha.

Lachiwiri

Kwaya ya ku Dubai ndi chilango. Azimayi onse a m'kwaya yanga ndi olera ana m'nyumba za anthu, satuluka pakati pa sabata. Azibambo ali pa shifiti. Ndiye tagwirizana kuti aliyense ajambule mawu ake pa foni, anditumizire, ine ndilumikize.

Zimene ndalandira:
- Sopulano wa ku Discovery Gardens akunong'ona m'chipinda chochapira, makina akumveka kuposa iye. Pakati pa vesi wakuwa kuti "Yes madam, coming!" n'kuthera pomwepo.
- Alito ndi Mayi Nachisale, wapampando wa komiti ya ukwati. Mzere woyamba aimba bwino zedi. Kenako mwana wa abwana awo walanda foni, kwatsala kupuma kwa mwanayo basi.
- Tena waimba nyimbo ina. Yabwino, koma ina.
- Besi waimbira m'basi, dalaivala akutukwana galimoto ina m'Chiurdu. Zoona zake, dalaivalayo ali ndi besi yabwino kuposa wangayo.

Choipitsitsa n'chakuti sopulano anatumizanso kachiwiri n'kuiwala kuzimitsa. Wamaliza yanga, wapuma, akupinda zovala, ndipo ndikumva akung'ung'udza. Nyimbo yanji? Yomweyo! Tadala waitumiza pa gulu lathu la pa foni, ati anthu aizolowere. Aizolowere! Ngati mankhwala a malungo.

Ku ntchito sindinapumenso. Ndakwera lifiti kukaona chitseko china chimene chikulira pamwamba, ndipo mu lifiti mwa ife eni muli ya piyano yokha ija. Mlendo wina akugwedeza mutu motsatira. Ndamuyang'ana mpaka wasiya.

Nditaweruka ndati ndijambule mawu anga, otsogolera. M'chipinda mwathu muli Bikash, Mnepali wogona bedi la pamwamba pa langa, akuphika nyemba zake mu mphika wotseka uja woimba mluzu. Ndikangofika pa "usacheuke", mphika: fyooo! Ndayambiranso. Fyooo! Ndamupempha aukhazike pansi kaye, wandiyankha kuti nyemba sizidziwa za ukwati.

Ndasamukira pa makwerero. Apo ndiye pabwino, mawu akubwerera ngati m'tchalitchi chachikulu, mpaka ndadzimvera chisoni ndekha kuti luso lonseli likuthera pa geti. Vesi yachiwiri isanathe, woyang'anira nyumba watulukira: "Khalas, khalas! No church here!" Khalas kuno ndiye kuti basi, zithere pomwepo. Ndamuuza kuti si tchalitchi, ndi ukwati. Wati ukwatinso no.

Ndatsala ndi ya mphika. Ndamvera mobwerezabwereza. Munthu womvetsa angaganize kuti ndi chitoliro.

Lachitatu

Komiti yakumana pa foni nthawi ya nkhomaliro. Ine ndalowa ndili kuseri kwa mabini a hotelo, poti ndi pokhapo pamene supavaiza safika. Dzuwa likundiwotcha ngati ndinalilakwira.

Mfundo zanga, zomveka ngakhale kwa mwana:
- Ukwati wa Mmalawi ndi masitepe. Operekeza akwati avina bwanji nyimbo yopanda ng'oma? Aziyenda ngati anyamula bokosi?
- Palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene akumva zimene bamboyo akunena. Mwina akutitukwana. Mwina akutsatsa matayala.
- Ali kale ndi maukwati a dziko lonse la Japan. Pa wa mlongo wanga akufunapo chiyani?

Mayi Nachisale: "A Kwaya, khazikani mtima pansi. Si ya masitepe, masitepe ali ndi nyimbo zake. Iyi ili ndi malo ake, kumapeto. Mwini ukwati watiuza, ife tamva."

Ndafunsa kuti malo ake ati. Wina waseka, wina n'kumuuza kuti, "Iwe, takhala chete." Ndiye kuti akundidya miseche. Anthu amene ndinawaphunzitsa ndine kutsegula pakamwa poimba!

Apitiriza mayiwo: "Yanuyo tamvera. Ndi yabwino, kungoti ndi yaitali ngati ulendo wa ku Chitipa. Tiika pa nthawi ya chakudya."

Nthawi ya chakudya! Ine ndiziimba za malemu amayi, anthu akulimbirana ntchafu ya nkhuku!

Ndawauza kuti nyimbo imodzi sachezera gule. Ayankha kuti n'zoona, n'chifukwa chake yanganso ilipo, pa chakudya. Mwambi wanga womwe wanditembenukira.

Nditaweruka ndalowa mu molo, chinyumba cha mashopu, kuti ndigule tayi. Ndapeza kashopu ka zinthu zotsika mtengo za ku Japan, ndati ndione. Ndisanagwire tayi iliyonse, pa sipika: tii, tii, tii. Mtsikana wogulitsa akuimba nawo, maso atatseka, chonsecho ndi wa ku Kenya. Ndatuluka wopanda tayi.

Chiyembekezo chotsala chinali alamu anga Mabvuto, mkwati mwiniwake, Mzambia wa ku Chipata, woyendetsa galimoto yoperekera katundu. Mwamuna ndi mwamuna timvana, ndinatero. Ndawaitanira pa kafiteriya ya pansi pa nyumba yathu, ndawagulira tiyi wa karak, ndayala nkhani yonse kuyambira pa kaliyala.

Iwo: "Mulamu, ine nilibe mau. Mkazi akakamba ati nifuna iyi, uvomela chabe, khalas. Imwe mubwele chabe pa Saturday, muzaona."

Akulankhula choncho, foni yawo yalira m'thumba. Piyano. Denga lobooka. Yomweyo! Andiyang'ana, ndawayang'ana. "Ni Tadala anaikako," atero, n'kumeza karak wanga yense.

Ndipo uyu ndi munthu amene ndinamuvomera chifukwa ndinkamuona ngati wamutu.

Lachinayi

Tadala amalera mwana ku banja la Ajapani, m'nyumba zazitali za kuseri kwa hotelo yathu. N'kumene anatola matendawa. Nthawi yopuma ndapitako, yunifomu ili m'thupi, mawu nditakonza kale m'njira. Mawu olemera. Ena ndinawabwereza ndili pamsewu mpaka mlonda wa kumeneko wandifunsa ngati ndili bwino.

Watsegula chitseko ndi Madamu, abwana ake a Tadala. Wawerama. Ine ndawerama. Wawerama kuposa poyamba. Ine ndawerama mpaka chipewa chagwa. Ungakangane bwanji ndi munthu amene akungowerama? Mkwiyo wonse wathera m'msana. Andivulitsa nsapato, andipatsa timasilipasi tolekeza pakati pa phazi, andipatsa tiyi wobiriwira wopanda shuga, womveka ngati madzi ophikira chisoso. Ndamwa. Ndathokoza. Ine amene ndinabwera kudzamenya nkhondo!

Pokhala pa sofa ndakhalira kachidole ka mwana. Kayamba kulira. Yomweyo! Tsopano ngakhale matako anga akuitsatsa.

Madamu wasangalala kwambiri, akuganiza kuti ndachitira dala. Ndi Chingerezi chake chapang'onopang'ono wandiuza kuti pa ukwati wake inaimbidwa imeneyi, ndipo bambo ake, munthu amene sanasekepo kapena kulira chibadwire, analira mpaka anachita kuwagwira. Ndati pepani. Kenako wanong'oneza Tadala, Tadala n'kundifunsa kuti Madamu akufuna kudziwa maluwa amene ndimakonda.

Maluwa! Ine ndabwera ndi mlandu, iwo akundifunsa za maluwa! Ndayankha kuti a maungu. Tadala wandiyang'ana ndi diso lija la amayi. Madamu wafufuza pa foni, wawaona, wagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru, wawerama. Ndawerama.

Potuluka Tadala wandiperekeza mpaka pa lifiti, ndipo apo ndakhuthula zonse. Ndamuuza kuti wasanduka Mjapani. Ndamuuza kuti wachimfine wakeyo sanamugulirepo ngakhale pensulo. Ndamuuza kuti tsiku limene anadwala chikuku amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala sanali woimba piyano. Ndamaliza ndi lumbiro: piyano ija ikadzangoti tii, ine ndikutuluka mu holo, anthu onse aone.

Iye: "Achimwene, vuto lanu mumamva nyimbo zanu zokha. Chonde, Loweruka musatuluke. Ndagwira mwendo wanu."

Misozi ili mbwembwembwe. Zandipweteka, sindikana. Mwana uyu akalira ine sindipirira, kuyambira kale. Koma ndalowa mu lifiti osacheuka, monga mwa nyimbo yanga.

Ndafika pansi ndi timasilipasi ta eni. Ndakweranso kukatenga nsapato. Madamu wawerama.

Lachisanu

Njira yatsala imodzi: Jun. Ndiye adzakhale DJ mawa, anamupempha ndi Tadala. Ndamupeza akukulunga mawaya, ndamukokera pakona. Ndamuuza kuti makina amalakwitsa, aliyense amadziwa. Piyano ija ingosowa, yanga ilowe m'malo mwake, iye adzangokweza mapewa.

Wavala zomvera m'makutu, wamvera yanga. Nkhope ili bwinobwino mpaka pa "usacheuke". Wavula, wandifunsa mwaulemu ngati ndinajambulira pa siteshoni ya sitima. Ndamuuza kuti ndi chitoliro. Wafika pa chitoliro chachiwiri, wakhala pansi ndi kuseka.

Wakana. Akuti mlongo wanga angamuphe, kenako Madamu angabwere kudzawerama pa mtembo wake. Kenako wandifunsa: "Iwe, nthawi yonseyi uli pachitseko changa, sunasuzumirepo nyimboyi ikamalira?" Ndamuuza kuti ntchito yanga ndi kuyang'ana kunja, osati kusuzumira maukwati a eni. Wangopukusa mutu.

Mawuwo andikhala pamtima. Masana ano kunali ukwati wina wa Ajapani, ndiye ndati lero ndisuzumira, ndione chimene chimawaliza. Piyano itangoti tii, dzanja lili pa chitseko, supavaiza pa wailesi: "Yalla, parking!" Yalla ndiye kuti fulumira. Basi ya alendo yatseka njira. Pobwerako ndapeza akutuluka kale, maso psuu monga mwa nthawi zonse. Mdala wina wanyamula maluwa ngati khanda, akusisima, mkazi wake akumupukuta. Ukalamba ndi matenda ndithu.

Nkhani za kwaya:
- Sopulano akupita ndi abwana ake ku Abu Dhabi. Adzafika, inshallah, ndiye kuti sadzafika.
- Tena wapatsidwa ovataimu. Mwina n'zabwino, nyimbo yake inali ina.
- Besi mawu atha, ati mphepo yozizira ya eyakoni. Wanditumizira uthenga wonong'ona wopepesa.
- Mayi Nachisale adzakhala akugawa chakudya. Pa nthawi yeniyeni imene anaika okha nyimbo yanga!

Kwaya yonse yatsala ine. Chabwino. Yohane M'batizi ankafuulanso yekha.

Ndakhala pa bedi ndikuyeserera. Bikash wasuzumira kuchokera pamwamba, mutu uli chozondoka: "Bhai, same same Japan song." Ndatsala pang'ono kumugenda ndi nsapato. Kenako ndadzimvera. Kolasi yanga yakhota! Pa "usacheuke" mawu anga akukwera ndendende mmene amakwerera wachimfine uja. Ndabwerera, ndawongola, yakhotanso. Yalowa m'nyimbo yanga ngati nankafumbwe m'chimanga.

Suti ndasita. Tayi wandibwereka Bikash, ili ndi tinjovu. Ndipita chifukwa ndi mlongo wanga. Koma mawu anga ndi amodzi: piyano ikalira, ine panja.

Loweruka

M'mawa. Kutchalitchi zonse bwino. Ndamuyendetsa Tadala mpaka kutsogolo. Wakongola ngati amayi pa chithunzi chawo chakale chojambulidwa pa sitolo. Sindinalire. Linali thukuta.

Masana. Holo ya pamwamba pa lesitilanti ina ku International City, yodzaza mpaka pakhomo. Masitepe ayenda bwino, ng'oma zenizeni, fumbi likanakhalapo likanabuka. Pa perekani-perekani Azambia atiposa phokoso, zimenezo tidzakambirana tsiku lina. Madamu ndi mwamuna wake avina ngati akupha nyerere, koma avina.

Chakudya. A MC: "Pamene tikudya, achimwene a mkwatibwi atisangalatsa ndi kanyimbo." Kanyimbo! Ndaimirira, ndayamba. Anthu onse ali pa mzere wa mpunga, ndikuimbira misana. Pa vesi ya amayi wina wakuwa kuti, "Nkhuku yatha kodi?" Mayi Nachisale ayankha, mwa alito yabwino zedi, kuti yatsala ya makosi. Ndayang'ana ku tebulo la akwati: Tadala palibe, wapita kukasintha diresi. Sanamve ngakhale mzere umodzi. Ndadula pakati. Aomba m'manja ndi Bikash ndi Madamu.

Ndakhala pansi. Zaka zonse zija, kuthera pa makosi a nkhuku.

Madzulo. Keke adula, malangizo apereka. Anyamata aika mpando umodzi pakati pa holo, wopanda munthu. Magetsi achepetsa. Tii, tii, tii.

Ndanyamuka, ndakonza tinjovu, ndatuluka. Mwamuna sabweza mawu.

Panja ndi moto. Ndaima pakati pa magalimoto, suti ikundiphika, nyimbo ikunditsatira kudzera pa zenera. Wachimfine wakwera, watsika, wamaliza. Ndati khalas, zikomo Ambuye. Yayambanso! Kuyambira pa piyano! Yanga aidula ndi nkhuku, iyi akuibwereza! Ndatsala pang'ono kukwera kukazula mawaya a Jun ndi mano.

Atulukira alamu Mabvuto akuthamanga, tayi ili paphewa: "Mulamu! Muchita chani kuno? Yalla! Mkazi wanga aimilila pakati na maluwa, afuna imwe! Ni yanu nyimbo iyi!"

Ndakwera. Tadala ali pakati, pambali pa mpando uja, wanyamula maluwa achikasu, akucheukira uku, akucheukira uku, zodzola zonse zatsika ndi misozi. Wakhala akucheuka choncho nyimbo yonse, kawiri. Mafoni a anthu ali m'mwamba.

A MC afotokozanso, chifukwa cha ine amene ndinali ku magalimoto: kwa Ajapani, ukwati usanatsekedwe, mkwatibwi amapita kwa makolo amene anamulera n'kuwapatsa maluwa othokoza, nyimbo ngati iyi ikulira. Ndiyo ntchito yake. Komiti yonse imadziwa. Jun amadziwa. Mdala wa dzulo uja amadziwa. Bikash sindikumukhulupiriranso.

Andikhazika pa mpando. Jun waiyambitsa kachitatu, akundiyang'ana. Tadala wagwada Chimalawi, diresi yonse pansi.

"Achimwene, amayi kulibe, abambo kulibe. Amene anandiluka tsitsi ndinu. Landirani. A maungu sanapezeke m'Dubai muno, Madamu wazungulira mashopu onse, awa ndi ofananako."

Ndimafuna kunena kuti zikomo. Chimene chatuluka ndi kulira kwa ng'ombe. Osati timisozi taulemu ta Chijapani, ayi. Kulira kwa ku Kasungu, pakamwa yasa, mamina, mapewa onse. Maikolofoni ya a MC inali pafupi ndipo palibe anaganiza zoisuntha. Holo yonse yalira. Azambia alira. Madamu akulira uku akuwerama. Ndipo wachimfine uja, pamwamba pa ife tonse, akukwera, akukwera, akulandira.

Ndakwiyabe. Bwanji osangondiuza? Ati inali sapulaizi. Munthu wa msinkhu wanga sachitiridwa sapulaizi, angafe.

Lamulungu

Mutu ukuwawa. Mawu atha ngati a besi wanga.

Vidiyo yafika ku Malawi ine ndisanadzuke. Ndinkafuna kuti anthu ajambule, ajambuladi. Mauthenga:
- Msuweni wa ku Mchinji: "Achimwene, nyimbo munalirira ija dzina lake ndi chiyani? Tikuifuna pa ukwati wa mwana wathu."
- DJ wina wa ku Lilongwe amene sindimudziwa n'komwe akuti anthu ayamba kuifunsa, akuitchula kuti "ya bambo olira aja".
- Wina wadula nkhope yanga, pakamwa yasa, tinjovu tili poyera, ndipo akuiponya pa gulu aliyense akadandaula za ovataimu.
- Kwaya ya ku Kasungu, yanga yeniyeni, imene ndinaiumba ndi manja angawa, ikupempha kuti ndiwalembere ya Chijapaniyo mu solofa, mawu onse anayi.

Sabata yathunthu ndalimbana kuti isalowe mu holo imodzi, lero ndaitsegulira dziko lonse. Ikanalira kamodzi, chifukwa cha ine yalira katatu. Bambo wachimfine, kulikonse kumene muli, mwapeza wotsatsa malonda waulere ku Malawi. Mundikumbukire ndi kashati.

Za nyimbo yanga palibe wafunsa. Vidiyo yake kulibe, onse anali ndi mbale m'manja.

Maluwa ndawaika m'botolo lamadzi lodula pakati, pamwamba pa loka. Bikash wasuntha mphika wake kuti apeze malo, osauzidwa ndi munthu. Maluwawo sakufanana ndi a maungu ngakhale pang'ono. Ndawathira madzi mpaka asefukira.

Masana kwabwera uthenga wa mawu wa Tadala, ali mu takisi ndi mwamuna wake. Palibe moni. Akungoimba. "Usacheuke Tadala", yonse, kuyambira vesi yoyamba mpaka ya amayi, osaphonya liwu, osakhota pa kolasi. Alamu akuyesera besi, akuononga. Sindinamuphunzitsepo ine nyimbo imeneyi.

Kumapeto akuti: "Achimwene, ndimaidziwa kuyambira ndili mwana, munkaing'ung'udza mukundiluka. Koma mawu akewo ndakana. Ine ndizicheuka. Dzulo ndacheuka mpaka khosi likuwawa."

Ndamvera, ndabwereza, ndamvera. Mtima ukadali wotentha, koma sindikudziwanso woti ndimukwiyire.

A ku Kasungu ndiwalembera solofa yawo, nanga n'kutani. Ndaiyesa kale: ndi yosavuta, yopusa, ndipo sichoka m'mutu. Ndi mmene amalemerera anzathu. Mawa ku hotelo kuli ukwati wina wa Ajapani, ndaikiratu mpango m'thumba la yunifomu.

Koma ndiyamba ndi yanga. Kolasi ndaifufuta, ndipeka ina. Mwanayo acheuke mmene akufunira. Ulendo uno adzandipeza ndili pampando.